Mpunga Ubwerere Kukhitchini

Lachitatu, 29 Januwale 1992

Ndadzuka ndikukumbukira tsiku limene tinabatiza Gizo. Munali mu 1968, ine ndili chaka chachiwiri ku yunivesite kuno ku Tbilisi, likulu la dziko lathu la Jojiya. A Ilarion anali kale wolemba mabuku wodziwika, ine ndinkangowalondola pambuyo ngati kagalu. Tsiku lina anati, “Anzor, Loweruka tikupita kumudzi kukagula vinyo.” Tinapitadi pa basi: iwo, akazi awo a Tsiala, ine, ndi khanda lokulungidwa m'bulangete. Titafika ndi pamene ndinaona kuti vinyo ankanenayo ndi wansembe wokalamba ndi beseni la madzi, m'katchalitchi kodontha denga. Masiku amenewo wolemba akamveka kuti wabatiza mwana, buku lake linkachita nkhungu kosindikizira. Anasankha ine kuti ndikhale natlia, bambo wa ubatizo wa mwanayo, ati chifukwa, “Iwe ngakhale akumenye sungaulule. Pofika poti umalize chiganizo chimodzi, wapolisiyo adzakhala atapuma pa ntchito.”

Pambuyo pake panali phwando pansi pa chisakasa cha mpesa. Anandipatsa nyanga yodzaza vinyo kuti ndidalitse mwanayo. Ndinaimirira. Ndinayang'ana nyanga. Nkhuku inadutsa pansi pa tebulo, ndipo aliyense anaimva. Pomaliza a Ilarion anandigwira paphewa n'kunena kuti, “Abale, mnyamatayu ndi wolemba, mawu ake adzakutumizirani pa positi.” Anthu anaseka mpaka misozi. Ine ndinamwa nyanga yonse ndili duu, n'kukasanza kuseri kwa khola.

Chandikumbutsa zimenezi n'chakuti dzulo a Tsiala anabwera kuno. Lachiwiri likudzali ndi sadaka ya masiku makumi anayi ya a Ilarion, ndipo akufuna ine ndikhale tamada. Ine! Munthu woimirira kumutu kwa tebulo, amene palibe angamwe iye asanalankhule.

Ndinati, “Mayi, mumzinda muno amuna odziwa kulankhula angadzaze sitima.”

Iwo: “N'chifukwa chake mzinda wapsa. Ndikufuna iwe.”

Ndinavomera. Mkazi wanga Rusiko akuti nkhope yanga inali ngati ya munthu amene akumuzula dzino.

Komabe mfuti zinaleka pakati pa mzinda. Madzi abwera m'mawa uno, ofiira ngati tiyi, koma abwera. Ndasamba kumaso kawiri chifukwa chongosangalala.

Lachinayi, 30 Januwale

Ndilembe bwinobwino chimene ndikuopa, mwina chichepako.

Gizo ali kumbali ya amene anachotsa pulezidenti. Anamenya nawo nkhondo ya mu Disembala pamsewu waukulu. Emzar, mwamuna wa Lali, mlongo wake wa Gizo, anali mbali inayo, m'zipinda zapansi za nyumba ya malamulo, mpaka tsiku limene pulezidenti anathawa. Munthu ndi mlamu wake. Chilimwe chathachi ankagona limodzi pansi pa galimoto ya a Ilarion, kuikonza, akutukwanizana za mpira. Pa maliro sanakumane, Emzar analibe potulukira. Lachiwiri adzakhala patebulo limodzi koyamba, aliyense ndi anzake, vinyo ali pakati.

Ndipo aliyense mtima wake unatsimikiza kuti bambo anaphedwa ndi mbali ya mnzakeyo. Nyuzipepala ya olamulira atsopanowa inalemba kuti a Ilarion ankapita kukaima ndi omenyera ufulu pamene asilikali a pulezidenti anawaombera. Kapepala kamene mbali inayo imamwaza mobisa kanati ankapita kukaima ndi pulezidenti wosankhidwa ndi anthu, zigawenga n'kuwapha. Onse anasindikiza chithunzi chimodzimodzi, chakale, tsitsi lidakalipo.

Zoona zake ndi izi. Linali Lachisanu. Lachisanu lililonse, kwa zaka zambirimbiri, ine ndi a Ilarion tinkakumana kumabafa akale aja a madzi onunkha mazira ovunda. Nkhondo ili mkati sanatseke, poti madzi amenewo amatuluka pansi ali otentha kale, safuna magetsi kapena boma. M'mawa umenewo anandiimbira foni: “Akuomberana ndi iwo, nanga msana wanga walakwa chiyani?” Ine ndimakhala tsidya lino, njira yanga inalibe mfuti. Ndinafika msanga n'kudikira pakhomo mpaka zala za kumapazi zinachita dzanzi. Iwo anadzera njira yachidule. Kachikwama kawo, momwe munali thaulo, sopo ndi kabudula wam'kati wochapa, wina anakatola anthu asanabwere kudzawanyamula. Chipolopolo chinali cha yani, palibe akudziwa. Ndikukhulupirira kuti ngakhale mwini chipolopoloyo sakudziwa.

Odziwa zimenezi tilipo atatu: ine, Rusiko, ndi a Tsiala amene analongedza thaulolo.

Ndalemba. Sichinachepe.

Lachisanu, 31 Januwale

Pamzere wa buledi ndakumana ndi Bondo wa ku bungwe lathu la olemba, amene masiku ano sasowa pa nsanja iliyonse. Wandigwira batani la jasi, n'kundipatsa ulemu wa “batono”, ndiye kuti bwana.

“Batono Anzor, ndamva ndinu tamada! Nthawi yake ndi ino. Wolemba ndiye chikumbumtima cha fuko. Mudzanene poyera kuti Ilarion anafera demokalase.”

Ndati ndiganiza.

“Inu mwakhala mukuganiza kuyambira tonse tili ndi tsitsi.”

Mayi wina kumbuyo kwathu, wa chipewa chaubweya: “Olemba inu! Chaka chatha pulezidenti munkamulakatulira ndakatulo, lero mukumulavulira. Sendezani, mzere ukuyenda.”

Za Bondo mayiyo sananame, ndakatuloyo ndinaiwerenga ndekha. Nanga ine? Sindinalembepo chotamanda, sindinalembepo chotsutsa. Timabuku tanga n'ta anthu ogwira ntchito kunjanji ndi azakhali osakwatiwa. Kale ndinkati kumeneko ndiko kukhala ndi manja oyera. Lero sindikudziwa. Ndamufunsa Rusiko ngati kukhala chete kwangaku ndi ulemu kapena mantha. Wati, “Zonse ziwiri. Idya, nyemba zikuzizira.”

Buledi ndapeza. Wofunda. Ndadya nsonga yake m'njira ngati mwana.

Loweruka, 1 Febuluwale

Tinapita kwa a Tsiala kukathandiza. Anansi abweretsa zimene ali nazo: wina nyemba, wina nsomba zouma, msuweni wa kumudzi watumiza vinyo ndi mwendo wa nkhosa. Lali ankasankha tirigu pawindo, maso otupa. Amuna ake akubisala kwa achibale, mchimwene wake amagona kumene kuli anzake a mfuti.

A T. anandikokera m'chipinda cholemberamo cha a Ilarion n'kutseka chitseko.

“Za kumabafa usadzanene.”

Ndinati mwina ndi zokhazo zimene ndikudziwa.

“Munthu walemba mabuku odzaza shelefu iyi, ndiye akumbukiridwe kuti anafa atanyamula kabudula wam'kati? Ndiponso anyamatawa, aliyense chomugwira mtima n'choti bambo ankabwera kwa iye. Ukawalanda chimenecho atsala ndi chiyani?”

“Koma mayi, chomwecho n'chimene chikumuuza aliyense kuti mnzake ndi wakupha.”

“Iwe dzanene za makolo, za dziko, za amayi, zozungulirazungulira monga amachitira a tamada onse. Ndikufuna mwana wanga ndi mkamwini wanga atsike masitepe awa ndi miyendo yawo. Basi. Zikadzayamba kutentha, dzavule magalasi. Rusiko adzaima pakhomo la khitchini. Akangoona wavula, titulutsa plavi.”

Nzeru yake ndi yakuya. Plavi, mpunga wophika ndi nyama ya nkhosa uja, ndiye mbale yotsiriza pa sadaka. Ukangofika patebulo aliyense amadziwa: lawa, imirira, pita kwanu. Ngakhale chidakwa chimamvera mpunga umenewo.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ndili ndi pothawira. Ndinafika poimba mluzu pamlatho, Rusiko n'kundigunda ndi chigongono kuti tili pa maliro.

Koma ndilembe pano poti pamaso pawo sindingathe: ndikuganiza kuti a Tsiala akulakwitsa. Akuteteza chithunzi cha m'nyuzipepala chija, cha tsitsi. Mwamuna wawo anali wadazi, wamakani, wokonda madzi otentha kuposa nyimbo ya fuko. Mwina n'kosavuta kukhala mkazi wamasiye wa ngwazi kusiyana ndi kukhala munthu amene anapinda thaulo n'kunena kuti usachedwe.

Ndine yani kuti ndiwaweruze? Ine sindinapinde thaulo.

Lamulungu, 2 Febuluwale

Gizo anabwera masana ndi chigubu cha palafini. Waonda. Anandipsompsona masaya onse, akununkha utsi ndi fodya. Pokhala pampando anachita kupendekeka chifukwa cha mfuti ya m'chiuno.

“Natlia, sindikupemphani zambiri. Mudzangonena kuti bambo ankabwera kwa ine. Emzar adzamve ndi makutu ake.”

Ndinafunsa kuti akadzamva, kenako chiyani.

“Kenako adzadziwa chimene anzake anachita.”

“Kenako?”

Anayang'ana pansi. “Inu natlia mumafunsa ngati dokotala.”

Tili pomwepo kunamveka mfuti chapatali, cha kumene a mbali inayo amachitira misonkhano yawo. Sizinatenge nthawi. Gizo sanatembenuke n'komwe, koma kapu inayamba kulira pa sosala m'manja mwake, mpaka anaiika pansi. Rusiko anamupatsa nyemba ndi buledi. Anadya theka, n'kugona ali chikhalire, kukamwa kuli yasa. Tinamufunditsa bulangete. Ndinakhala ndikumuyang'ana, ndikuganiza kuti mutu umenewu ndinaugwira ine pamwamba pa beseni.

Podzuka anati, “Ndadalira inu.” Sindinalonjeze. Sindinakanenso. Monga mwa masiku onse.

Lolemba, 3 Febuluwale

Lero Emzar. Anandidikira pabwalo, kuseri kwa zingwe zoyanikira zovala, ndevu zili tcho, kolala ataimika.

“Batono Anzor, inu ndinu ophunzira, ine ndine injiniya chabe. Koma pulezidenti tinamusankha ndi mavoti, iwo amuchotsa ndi mizinga. Kodi pamenepa pakufunika yunivesite? Amene ali chete lero ali ndi akuphawo. Apongozi anga sakanakhala chete.”

Pa za mavoti ndi mizinga sindikanamutsutsa. Ndinangofunsa ngati mawa adzabwera ndi mfuti.

“Gizo adzabwera nayo?”

Ndiye yankho lake limenelo.

Madzulo ano ndayesa kulemba zodzanena. Makolo, dziko, amayi. Zikumveka ngati Bondo ali ndi chimfine. Rusiko wandipeza ndikuloweza, wandilanda pepala: “Tamada wowerenga papepala ali ngati mkwati wopita kuchipinda ndi amayi ake.” Waliponya m'mbaula. Tsopano akusita malaya anga akuda ndi simbi yotenthetsa pamoto.

Magalasi ndawamanga bwino ndi ulusi kumbali yothyoka ija, kuti asadzagwe okha.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Tabwerako. Palibe wafa. Ndilemba mawa.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndagona mpaka dzuwa kufika pakama. Chiyambire Disembala sindinagonepo chonchi.

Ndiyambire poyambira. M'mawa kumanda, kuzizira koluma makutu. Gizo ndi anzake mbali iyi ya manda, Emzar ndi anzake mbali iyo, wansembe pakati akufulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Kenako kunyumba. Anansi anali atazula zitseko za zipinda n'kuzigoneka pamipando kuti tebulo litalike kuchokera pabalaza mpaka kuchipinda chogona. Pakhomo panaima a Tsiala, atavala zakuda, firiji ya m'khonde ataitsekula.

“Ana anga, magetsi kulibe, muno muli malo. Aliyense aike chitsulo chake. M'nyumba ya Ilarion simulowa nazo.”

Anyamata ndevu pepeya, oti mwezi wathawu ankaomba mizinga, anafola ngati ana a sukulu. Mfuti za mbali zonse zinagona pashelefu imodzi, pafupi ndi botolo la kabichi wowawasa. A T. anatseka firiji n'kulowa kukhitchini. Sanatulukenso.

A mbali ya Gizo anakhala kumanzere kwanga, a mbali ya Emzar kumanja, nkhalamba ndi anansi kumunsi, Bondo pafupi nane ngati tinabwera limodzi. Rusiko pakhomo la khitchini, maso ali pamphuno panga.

Matambula oyamba anayenda bwino. Malemu, makolo awo, abale awo amene anatsogola. Aliyense amadonthezera vinyo pa buledi, kumwa, osagundanitsa matambula. Mawu anga ankatuluka ang'ono ngati a mbewa koma ankatuluka. Ndinayamba kuganiza kuti tifika.

Ndiye Bondo anaimirira osapempha. “Tamada andikhululukire, koma mtima sukundilola. Ilarion wathu anagwa akupita kukaima ndi ufulu, ndipo amene anamuombera tikuwadziwa.”

Mnzake wa Emzar, wachipsera pachibwano: “Tikuwadziwadi. Akudya nyemba zake pompano.”

Mipando inakhuluka. Wina anagwetsa foloko. Ndinaona Gizo akuponya maso kukhonde kumene kuli firiji, ndipo ndinaona kuti Emzar wamuona. Nthawi yovula magalasi inali imeneyo. Dzanja langa linanyamukadi. Sindikudziwa chinachitika n'chiyani, koma m'malo mwa magalasi linagwira tambula, ndipo ndinapezeka ndaimirira. Mwina ndinaganiza kuti mpunga ungowatulutsa panja, nkhani yomweyo n'kukaimalizira pamasitepe, firiji itatsekulidwa. Mwina sindinaganize chilichonse.

Ndinati, “Tamada ndine. Khalani pansi.” Ndipo anakhala. Ine ndemwe ndinadabwa.

Ndinati, “Linali Lachisanu.” Ndinanena zonse: foni, msana wosalakwa, njira yachidule, thaulo, sopo, ngakhale kabudula. Ndinati sankapita kwa Gizo, sankapita kwa Emzar, ankapita kukasamba, ndipo ine ndinawadikira pakhomo la mabafa. M'nyumba munali zii, moti ndinkamva mapoto kukhitchini.

Kenako ndinati, poti aliyense akufuna kudziwa mbali imene anali, ndikuuzani zimene ankanena tili m'madzi, pamene munthu alibe thumba lobisamo mawu. Za pulezidenti ankati, “Munthu uyu amatikonda kwambiri, moti tsiku lina adzatitsekera m'kabati kuti tisade.” Anzake a Gizo anayamba kumwetulira. Ndinati dikirani. Za inu ankati, “Awa aona nsikidzi m'nyumba, ndiye abwera ndi mzinga.” Kumwetulira kunasamukira mbali inayo, kenako kunatha konse. Ndinati za awiriwa ankati, “Ndili ndi zitsiru ziwiri, china ndinabereka ndekha, china mwana wanga anachita kutola, ndipo zonse zikuyenda makosi ali pamtunda kuzizira kuno.”

Ndinati chipolopolo chinali cha yani sindikudziwa, ndipo amene akuti akudziwa ndi wabodza, ngakhale atazisindikiza. Chimene ndikudziwa n'chakuti aliyense amene anaomba mfuti mumsewu umenewo anaomba mumsewu umene nkhalamba zimadutsa popita kukasamba. Ndikunena iwe Gizo. Ndikunena iwe Emzar. Ndipo ife olemba, ena tinakupatsani mawu otentha, ena tinakusiyani nawo osanena kanthu, tsono tisabwerenso lero kudzakulemberani bambo wina amene sanakhaleko.

Apa ndi pamene ndinachita chopusa. M'nyumba munali mutatentha ndi mpweya wa anthu, thukuta linali m'maso, mwina si thukuta lokha, ndipo sindinkaonanso nkhope ya aliyense. Ndinaika tambula pansi, n'kuvula magalasi kuti ndipukute.

Ndikuwabwezera pamphuno, ndinangoona chitseko cha khitchini chatsekuka, Rusiko patsogolo, Lali pambuyo, mayi wina wa nyumba yapamwamba pambuyo pake, aliyense ndi mbale yaikulu ya plavi ikufuka nthunzi. Pakati pa mawu anga. Tambula imene ndinaimirira nayo isanamwedwe.

Anthu mwambo uli m'mafupa. Nkhalamba za kumunsi zinayamba kufufuza zipewa. Wachipsera uja anali ataimirira kale. Ndinaona kuti atuluka tsopano, mawu ali theka, aliyense ndi theka limene lamupweteka.

Gizo anati, “Lali, bweza.”

Lali anaima, mbale ili m'manja.

“Natlia sanamalize. Bweza.”

Lali anayang'ana mwamuna wake. Emzar sanadzutse mutu, anangoti, “Wamva achimwene ako. Mpunga ubwerere kukhitchini.”

Azakhali a a Ilarion, a zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi, anamenya tebulo ndi chikhatho: “Chibadwire sindinaonepo plavi akubwerera! Mukuitana tsoka!”

Wina kumunsi: “Tsoka linafika kale, azakhali, lili mufiriji.”

Pa sadaka saseka. Tinaseka. Kuseka koipa, kotsamwa, ena atagwira kukamwa, wina akulira nako. Mpunga unatembenuka n'kubwerera. Rusiko potseka chitseko anandiyang'ana ndi diso limene ndidzalikumbukira mpaka kumanda.

Zoona zake, ndinalibenso mawu ena. Ndinali nditamaliza osadziwa. Ndinangoti, “Akumbukiridwe monga analili.” Kenako ndinati, “Alaverdi kwa Gizo.” Tamada akakupatsira mawu chotero sukana, ndipo suyamba nkhani yako, umapitiriza yomweyo imene wakusiyira.

Gizo anaimirira. Anazunguza tambula. Kenako: “Natlia, sopo wake anali uja wonunkha phula?”

Ndinati eya, yemweyo.

Anaphimba nkhope ndi mkono. Atatha anati bambo anamutengera koyamba kumabafa ali kamwana, ndipo wokwecha misana atamukwera pamsana ndi mapazi analira mpaka anthu anabwera kudzaona, bambo n'kumuuza kuti, “Lira, Mjojiya aliyense amaponderezedwa, koma apa pokha ndi pamene amatuluka woyera.” Anadontheza vinyo pa buledi n'kumwa.

Mawu atafika kwa Emzar, anati tsiku limene anabwera kudzapempha Lali, a Ilarion sanamuyankhe, anangomutengera kumabafa komweko, ati, “Ndione kaye ngati ulibe mchira.” Anamwa. Awiriwa sanayang'anane. Koma palibe anayang'ananso kukhonde.

Bondo anachoka mwakachetechete nthawi ina, sindinamuone. Matambula otsala ndinawayendetsa mwamsanga. Pomaliza ndinachita kupita ndekha pakhomo la khitchini kukanena ndi pakamwa kuti tsopano ubwere. Unabwera utapola, mafuta atayamba kugwirana. Anthu anadya ndithu.

Potuluka a Tsiala anaimanso pafiriji. Anatulutsa a mbali ya Emzar poyamba, a mbali ya Gizo anawagwiritsa ntchito yobwezera zitseko mpaka enawo atapita kutali. Pamasitepe Emzar anandiuza kuti, “Maganizo anga sanasinthe, batono Anzor.” Ndinati sindinakupemphe. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kupweteka. Akupita kumadzulo kwa dziko, kwawo, kumene a mbali yake akusonkhana. Sindinathetse nkhondo. Ndinangothetsa Lachiwiri.

A T. kwa ine anangoti, “Pita ukapume.” Sanandiyang'ane. Ali kukhitchini sanamve mawu, anangomva chete, kuseka, ndi mpunga wawo ukubwerera. Zotsalazo Lali ayenera kuti anawauza. Ichi chokha n'chimene chikundidya lero.

M'njira Rusiko: “Unavula magalasi!”

“Ndinkapukuta.”

“Zaka zonsezi ndimakuuza kuti upukute magalasi ako, umayenda ngati uli m'nkhungu, ndiye wasankha lero?”

Tinaseka mpaka kutsamira khoma la anthu. Msilikali wa pamphambano anatiyang'ana ngati zidakwa.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lali waimba m'mawa. Emzar wakwera sitima. Panjira ya kusiteshoni anyamata a mfuti anamuimitsa, anayang'ana chiphaso chake, mmodzi n'kunena kuti, “Ndiwe mlamu wake wa Gizo? Anatiuza. Dutsa, ndipo ufunditse khosi lako, kukuzizira.” Lali amalira ndi kuseka pafoni, sindinamve zonse.

Pamzere wa palafini nkhani yafika kale. Akuti ndinatukwana ngwazi. Ena akuti ndinaulula kuti pulezidenti akubisala m'kabati. Bondo akuuza anthu kuti ndinaledzera. Ndadabwa kuti sizikundipweteka kwenikweni.

Masana a Tsiala anabwera. Anakhala kukhitchini kwathu osavula jasi, chikwama chili pamaondo, tiyi amene Rusiko anawathirira osamukhudza.

“Ndinakuuza kuti usanene.”

Ndinati munandiuza.

“Gizo wagona kunyumba. Wadya mpunga wonse wotsala, wozizira, ali chiimire. M'mawa amafunsa kuti lumo la bambo ake lili kuti.” Anakonza chikwama pamaondo. “Sindinabwere kudzakuthokoza, usamwetulire. Aliyense akundiuza zake. Lali zake, azakhali zawo, wa nyumba yapamwamba akuti unalira ngati mkazi. Ine ndinali ndi mapoto. Anthu onse amva za mwamuna wanga kupatula ine. Iwe umalemba chilichonse, Rusiko amandiuza. Ndipatse.”

Ndinati muli zinanso m'menemo, za masiku ena. Zina n'zokhudza inu, ndipo si zonse zokoma.

“Ndakhala ndi wolemba moyo wanga wonse. Ukuyesa sindinadzipezepo m'buku, ndili ndi dzina lina ndi mphuno yomweyi?”

Ndinalowa kuchipinda. Ndinang'amba masamba onse a m'buku lino kuyambira Lachitatu la sabata yatha mpaka dzulo. Pa tsamba la Loweruka dzanja linaima. Ndikanatha kulichotsa, nkhani ikanayendabe bwinobwino, palibe akanadziwa. Ndinaliwerenganso ndili chiimire. Kukhitchini a T. anakuwa: “Anzor, ukung'amba kapena ukulemba buku lina?”

Ndinalisiya momwemo. Ndinawapinda pakati onse pamodzi n'kupita nawo.

Anawalandira ndi manja awiri. Sanawatsekule. Anawapindanso kachiwiri, n'kuwalowetsa m'thumba lam'kati la jasi, n'kumanga batani. Kenako anavula magolovesi, n'kuuza Rusiko kuti tiyi uja tsopano angamwe.